Mankhwala oonera khansa amene amatha mphamvu ali panjira

Chaka chatha azakhali anga a ku Domwe anawapeza ndi khansa ya khomo la chiberekero, matenda amene akutha amayi kuno ku Mozambique kuposa khansa ina iliyonse, ndiye mukudziwa kale mmene zimayendera, kuchoka pa sentro de saude kupita ku Ulongwe, ku Ulongwe gwiya ya ku Tete, ku Tete gwiya inanso ya kulikulu, paliponse bicha, paliponse ndalama ya chapa ndi ya chakudya cha wodwazika. Atamaliza chithandizo dotolo wina anauza msuweni wanga amene ankawadwazika kuti pali kujambula kwina kotchedwa PET kumene kumaonetsa ngati matenda afalikira kwina m'thupi, koma kuti tiganize zowoloka nawo kupita ku Joni. Ndalama zake sitikanakwanitsa olo titagulitsa ng'ombe zonse ziwiri. Usiku omwewo msuweniyo anandiimbira foni. "Asuweni, inu munaphunzirako za kemisitiri, tandiuzeni. Adotolo akuti chovuta ndi mankhwala obayawo. Nanga osangowaika mu kolemani ngati katemera n'kubwera nawo bwanji?"

Ndinamuyankha mwachidule tsiku limenelo koma funsolo silinandichoke, ndipo ndikuona kuti ambiri a ife sitidziwa chimene chimapangitsa kuti makina amenewa akhale kutali chonchi.

Raio-x ndi CT zimaonetsa maonekedwe, kuti apa pali chotupa chachikulu chonchi. PET imaonetsa zimene thupi likuchita. Munthu amasala kudya maola angapo, kenaka amamubaya mu mtsempha kamankhwala kotchedwa FDG, kamene ndi shuga yemweyu wa gulukosi koma pamalo amodzi anachotsapo kachidutswa n'kuikapo atomu ya fluorine-18 yotulutsa cheza. Maselo a khansa ndi adyera pa shuga, zimenezi anaziona Otto Warburg ku Germany kale m'zaka za m'ma 1920, ndiye amameza FDG ija poyesa chakudya koma ikalowa sangathe kuigaya mpaka kumapeto, imangokhala momwemo n'kumaunjikana. Wodwala amadikira pafupifupi ola limodzi ali phee kenaka amalowa m'makina. Atomu ya fluorine ija ikamasweka imatulutsa kanthu kotchedwa positron, kameneka kakangokumana ndi electron zonse ziwiri zimatheratu n'kusanduka cheza chiwiri chothawira mbali zosiyana, china kumanja china kumanzere, ndipo makina amene azungulira munthuyo amagwira zonse ziwiri nthawi imodzi n'kudziwa mzere umene zachokera. Kompyuta ikaphatikiza mizere mamiliyoni pamatuluka chithunzi chowala pamene pali shuga wambiri. FDG inayesedwa koyamba pa munthu mu 1976 ku Philadelphia, itapangidwa ku Brookhaven pafupi ndi New York n'kuthamangitsidwa pa ndege, ndiye kuthamanga kumeneku kunayamba tsiku loyamba lomwe.

Chifukwa chake n'choti fluorine-18 imatha theka la mphamvu yake pa mphindi 110 zilizonse. Palibe firiji imene ingaimitse zimenezi, kuzizira kaya kutentha atomu sizimukhudza, amasweka pa nthawi yake basi. Tiyerekeze mwanyamula botolo lake mu mzinda wa Tete mwakwera chapa ya ku Ulongwe, maola anayi aja a panjira mukamatsika mwatsala ndi kotala kapena kucheperapo. Pakatha maola 11 mwatsala ndi gawo limodzi mwa 64. Basi yochokera ku Maputo imene imatha tsiku lathunthu ndi kuposa pa msewu, ikafika pa mlatho wa Zambezi m'botolomo muli madzi chabe. Ndipo fluorine ndiye wopirira pa gululi. Carbon-11 ndi mphindi 20, nitrogen-13 mphindi 10, oxygen-15 mphindi 2 zokha, ameneyu amapangidwa chipinda chino wodwala ali kale chigonere chipinda chinacho.

Ndiye mankhwalawa sasungidwa mu farmasiya, amaphikidwa m'mawa uliwonse anthu asanadzuke. Poyambira pake ndi chimakina chotchedwa cyclotron chimene anachiyambitsa Ernest Lawrence ku Berkeley ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, chimazunguza ma proton, tinthu tating'ono ta m'kati mwa atomu, ndi maginito mpaka athamange kwambiri kenaka n'kuwaombetsa pa madzi pang'ono, osati madzi a pa mjigo ayi, madzi apadera okhala ndi oxygen-18, amene m'madzi wamba ndi magawo awiri okha pa 1,000. Oxygen uja akaombedwa amasanduka fluorine-18. Chimakinachi chimalemera matani ambiri ndipo kawirikawiri chimakhala m'chipinda cha makoma a simenti ochindikala mamita ngati awiri. Kuchoka apo madzi aja amadutsa m'kapaipi kupita m'bokosi la mtovu, nalonso la matani, mmene muli makina ophikira, munthu sagwira ndi manja amangoyang'anira pa kompyuta.

Apa mpamene pali nkhani yeniyeni. Njira imene mafakitale ambiri amatsata mpaka lero ndi ija anaikonza Kurt Hamacher ndi anzake ku Jülich ku Germany mu 1986. Fluorine ali m'madzi ndi waulesi, madzi amamukuta mbali zonse ngati mwana wofunditsidwa mabulangete ndiye sangagwire kanthu, pamafunika kumuchotsa m'madzimo, kumuumitsa mothandizidwa ndi mankhwala otchedwa acetonitrile, kuthira kuwiritsa kuthiranso, kenaka kumusakaniza ndi shuga wokonzedwa kale wotchedwa mannose triflate, kutenthetsa, kuchotsa tizidutswa totchinga, kusefa, kenaka kupima ngati zili bwino. Sitepe iliyonse ikudya mphindi ndipo mphindi iliyonse katundu akuchepa m'manja.

Koma chimene chinandidabwitsa nditawerengera ndekha ndi kuchepa kwa zinthu zimene zikuphikidwazo. Mulingo wobaya munthu mmodzi ndi ngati 370 MBq, muyezo wa mphamvu ya cheza umenewo, ndipo mukasandutsa zimenezi kukhala kulemera, FDG yotulutsa chezayo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a galamu. Diso silingaone. Komabe timaiphikira m'kabotolo ka mililita imodzi kapena zingapo, ndi mapaipi aatali ndi mavavu, zili ngati kuphika phala la supuni imodzi mu mphika uja wa pamaliro, umachedwa kutentha, umachedwa kuzizira, ndipo theka la phala limatsalira m'mbali mwa mphika. Mumafunikanso kuthira mankhwala oyambira ochuluka kwambiri kuposa ofunikira kuti tiatomu tochepato tipeze mnzake msanga m'nyanja yonseyo, ndipo ena mwa mankhwala oyambirawa ndi odula koopsa, kenaka otsalawo mukuyeneranso kuwasefa.

Anthu a microfluidics anangofunsa kuti bwanji osachepetsa mphikawo. Mawuwa akutanthauza kuyendetsa timadzi tochepetsetsa m'tinjira topyapyala ngati tsitsi, tojambulidwa pa ka chip kosaposa bokosi la machesi. Dontho limodzi la madzi ndi ngati ma microlita 50, iwowa amaphikira mu 10 kapena kucheperapo. Zinthu zikachepa chonchi zimasintha khalidwe. Kutentha kumalowa nthawi yomweyo chifukwa palibe pakati pamene pali kutali ndi khoma. Kusakanikirana nakonso, tinthu timayenda tokha kukakumana, ndipo lamulo lake ndi lokoma, mukachepetsa mtunda ka 10 nthawi imachepa ka 100. Kuumitsa kuja kumene kumadya nthawi m'botolo, pa kadontho ndi kanthawi kochepa. Ndiye mankhwala oyambira aja mutha kuchepetsa ka 100 koma m'kadonthomo n'kukhalabe okhathamira chimodzimodzi.

Chinthu choyamba chimene chinamveka dziko lonse chinatuluka mu magazini ya Science mu 2005, gulu la ku mayunivesite a UCLA ndi Caltech ku America ndi ena, mmene munali Stephen Quake ndi Hsian-Rong Tseng, linapanga FDG pa ka chip ka labala yofewa yotchedwa PDMS kokhala ndi timavavu tating'ono totseguka ndi mpweya, masitepe onse asanu pamalo amodzi, mu mphindi ngati 14 pamene makina a nthawi imeneyo ankatha pafupifupi 50. Zimene zinatuluka zinali zokwanira kujambula mbewa basi, komanso labala ija inapezeka kuti imamwa fluorine wina ndipo sigwirizana ndi mankhwala ena osungunulira, ndiye anthu anayamba kufuna galasi, silicon ndi mapulasitiki olimba.

Panatuluka njira ziwiri. Ina ndi yoyendetsa madzi osaima m'kapaipi kopyapyala kotenthetsedwa, zinthu zikulowa uku zikupsa panjira n'kutulukira uko, kampani ya Advion inagulitsako makina otere otchedwa NanoTek. Inayo, imene ine imandisangalatsa kwambiri, ndi ya timadontho. Amene munalimako kabichi ku Angonia mukudziwa mmene mame amakhalira pa tsamba lake, sanyowetsa, amangokhala kampira n'kumagubuduka. Ka chip amakapaka Teflon kuti kakhale ngati tsamba lija, ndiye kadontho kamakhala pamwamba popanda paipi olo imodzi yoti itsekeke. Mu 2012 gulu la Michael van Dam ndi CJ Kim ku UCLA komweko linaonetsa FDG yopangidwa pa chip imene imakoka timadontho ndi magetsi, pansi pali timabwalo ta waya, mukayatsa ka patsogolo dontho limasendera pamenepo, mukayatsa kotsatira limasenderanso, mpaka lifike pakati pamene pali chotenthetsera. Kenaka anaona kuti ma chip amenewa ndi odula kupanga n'kufewetsa zinthu, kusiya kamalo kamodzi kozungulira kopanda Teflon pamene dontho limakakamira, mankhwala n'kumadonthezera pamwamba limodzi limodzi. Akamaliza ka chip n'kutaya, mawa katsopano.

Palinso china chimene ofufuza akuyesa, ufa wa nano, wa tizidutswa toyezedwa m'ma nanomita. Nanomita ndi muyezo wochepa moti tsitsi limodzi m'mimba mwake ndi ma nanomita masauzande makumi angapo, ena amafika 100,000. Phindu la ufa wosalala chonchi aliyense amene anasinjako mchere wamiyala akulidziwa, wosinja umasungunuka msanga chifukwa malo okhudzana ndi madzi achuluka. Tengani kamwala ka sentimita imodzi mbali zonse, kunja kwake ndi masikweya sentimita 6. Kaphwanyeni kukhala tizidutswa ta ma nanomita 10, kunja konse pamodzi kumafika masikweya mita 600, bwalo la mamita 30 kwa 20 kuchokera m'kanthu kokwana pa chala. Ndipo kemisitiri yambiri imachitikira pakunja pomwepo.

Mu 2015 gulu la van Dam lomwelo linaonetsa kuti ufa wa nano wa titanium dioxide, chinthu chomwe chija chimayeretsa penti, umathandiza fluorine kugwira ntchito ngakhale madzi ena adakalipo, moti sitepe yotopetsa ija youmitsa itha kudumphidwa, anayesera pa mankhwala ojambulira ubongo otchedwa fallypride. Ndi zapa labotale izi, sindikunena kuti zili m'zipatala, koma zikuonetsa kumene mphindi zingapulumukire.

Kumene nano ingatikhudze ife msanga ndi kwina, ku zimene amati jenereta, osati ya magetsi ija ya petulo ayi. Jenereta iyi ndi kachitini ka mtovu, mkati muli kapaipi kodzaza ufa, pa ufawo pakakamira atomu yokhalitsa imene ikamasweka imabereka ina yosakhalitsa, ndiye m'mawa uliwonse mumathira madzi a mchere kapena asidi wochepa mphamvu n'kutsuka mwanayo, mayi n'kutsala. Achingerezi amati kukama ng'ombe ndipo ndi momwemodi. Yodziwika kwambiri ndi ya technetium-99m, imene imagwira ntchito pa magawo pafupifupi 80 pa 100 a kujambula konse kogwiritsa ntchito mankhwala a cheza padziko, ya mafupa, impso, mtima, chithokomiro, ngakhale iyoyo imafuna kamera ina yotchedwa gamma osati PET. Technetium imatha theka pa maola 6 koma mayi wake molybdenum-99 ndi maola 66, ndiye jenereta imodzi imakamidwa sabata imodzi kapena ziwiri. Molybdenum ameneyu amachokera ku ma reactor, zimakina zoswera uranium, ochepa kwambiri padziko lonse, ambiri okalamba, ndipo imodzi mwa iwo ili pafupi nafe, SAFARI-1 ya ku Pelindaba kufupi ndi Pretoria, yoyamba ntchito mu 1965. Mu 2009 ndi 2010 ya ku Canada ndi ya ku Petten ku Netherlands zitaima nthawi imodzi zipatala za m'maiko olemera zinasowa mankhwala, odwala kubwezedwa.

Pali njira yosavuta yopangira molybdenum-99 popanda kuswa uranium, koma amatuluka atasakanikirana ndi molybdenum wamba wambirimbiri, ndipo ufa wa alumina umene uli m'majenereta a masiku onse umangogwira mamiligalamu ochepa pa galamu, sungakwanitse katundu yenseyo. Apa ndi pamene ofufuza, makamaka a ku Bhabha Atomic Research Centre ku India, akhala akuyesa ufa wa nano wa zirconia, titania ndi alumina yemweyo koma wa timabowo tambirimbiri, umene umagwira zochuluka kangapo m'kapaipi komweko. Zikatheka bwinobwino ndiye kuti ma reactor ang'onoang'ono a kafukufuku nawonso atha kumadyetsa zipatala za m'dera lawo.

Ya PET nayo ilipo, ya gallium-68. Mwanayo ndi wa mphindi 68 koma mayi wake germanium-68 amatha theka pa masiku 271, ndiye chitini chimodzi chimatumikira miyezi yambiri popanda cyclotron pafupi. Ku iThemba LABS kufupi ndi Cape Town amapanga majenereta amenewa. Gallium amamumangirira ku tinthu tofunafuna mtundu umodzi wa khansa, monga PSMA ya khansa ya prostate ya abambo, ndipo popeza kukama kumodzi kumangokwanira odwala ochepa komanso nthawi ndi yothina, kuphikira pa ka chip kukugwirizana nazo kwambiri.

Ndinene zoona pa FDG, chifukwa sindikufuna wina aganize kuti ka chip kathetsa zonse. Mu mzinda waukulu mmene odwala ndi ambiri tsiku lililonse mphika waukulu uja ndi wotchipa, kuphika kamodzi n'kugawa, ndipo pafupifupi FDG yonse imene ikubayidwa lero ikuchokerabe m'makina akale aja. Kumene timadontho tikupambana ndi pa mankhwala ena osowa amene akufunidwa ndi wodwala mmodzi kapena awiri, amene fakitale singayatsire makina onse. Ndipo kwa ife amenewa ndi ofunika kuposa mmene anthu akunja angaganizire, chifukwa FDG sisiyanitsa, paliponse pamene thupi likudya shuga wambiri pamawala, TB imawala, zotupa za m'khosi za munthu wa HIV zimawala, ndiye kuno kumene chifuwa chachikulu chili m'mudzi uliwonse ndi ku migodi ya Moatize dotolo atha kuona kuwala m'mapapo osadziwa ngati ndi khansa kapena TB. Tikufunika mankhwala osankha bwino, ndipo amenewo ndi omwe amapangidwa pang'onopang'ono.

Mavuto enanso alipo. Cyclotron imatulutsa madzi mililita imodzi kapena zingapo, kuti alowe m'kadontho pamafunika kaye kuwapanikiza pa kasefa kakang'ono kogwira fluorine, sitepe inanso imeneyo. Tinjira topyapyala timatsekeka ndi kachitsotso kalikonse. Kusefa komaliza kwa mankhwala ambiri kukufunabe makina olekanitsira mankhwala otchedwa HPLC amene ndi aakulu. Ndipo chachikulu ndi kupima, chilichonse cholowa mu mtsempha wa munthu chiyenera kuyezedwa asidi wake, kuyera kwake, zotsalira za mankhwala osungunulira, poizoni wa mabakiteriya, mphika uliwonse pawokha, ndiye mukaphika kamodzi kwa anthu 30 mumapima kamodzi koma mukaphikira munthu aliyense payekha mupima ka 30. Kuyeza ngati mulibe majeremusi kumatenga masiku 14, zotsatira zimabwera wodwala atabayidwa kalekale, choncho chimene chimateteza munthu ndi ukhondo wa chipinda ndi luso la amene akugwira ntchitoyo. Ofufuza ayamba kuchepetsanso zopimirazo kuti zikhale pa ma chip koma zili m'mbuyo poyerekeza ndi zophikira.

Komanso ka chip sikapanga fluorine, cyclotron ikufunikabe penapake. Pali makampani amene apanga zing'onozing'ono, monga ya ABT ku America yopanga mulingo wa munthu mmodzi nthawi imodzi, yokhala ndi chotchinga chake chomwe moti sifuna chipinda cha makoma aja. Maganizo ena ndi oti cyclotron imodzi izitumiza fluorine wosaphika pa ndege, chipatala chilichonse n'kumadziphikira chimene chikufuna tsiku limenelo m'kabokosi kokwana pa tebulo. Ndege yochokera ku Johannesburg kufika pa eyapoti ya Chingodzi ku Tete ndi maola ngati awiri, theka lapita, kuonjezapo za pa eyapoti ndi mapepala a katundu wa cheza mwina mutsala ndi kotala, ndi zotheka ngati mwanyamuka ndi wambiri ndipo ndege sinachedwe.

Ndikamaona zimene anzathu achita mtima umandiuza kuti si maloto. Ku Nairobi chipatala cha Aga Khan chinatsegula PET ndi cyclotron yake mu 2018, boma la Kenya n'kutsegula yake pa chipatala cha Kenyatta University mu 2021. Kwathu kuno radioterapia, kuchiza khansa ndi cheza, inayamba pa Hospital Central de Maputo mu 2019, ndipo bungwe loyang'anira za cheza, ANEA, lilipo. Bungwe la dziko lonse loona za atomu la IAEA linayambitsa pulogalamu ya Rays of Hope yothandiza maiko pa chithandizo cha khansa mu 2022 ndipo Malawi, kungodutsa pa Calomue apa, inali m'gulu la maiko oyamba. Magetsi tili nawo m'chigawo chathu chomwe chino, Cahora Bassa ndi ma megawati 2,075. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi anthu, wa farmasiya wodziwa za cheza, wa fizikisi wa m'chipatala, dotolo wowerenga zithunzizo, tekiniko wokonza makina akaima, onsewa amatenga zaka kuti aphunzire ndipo ana athu a ku sekondale ku Ulongwe kaya ku Furancungo sanamvepo n'komwe kuti ntchito zotere zilipo.

Msuweni uja nditamufotokozera zonsezi ulendo wina tili pa khonde ku Domwe anakhala chete kenaka anati, "Ndiye kuti chobwera pa galimoto ndi ng'ombeyo, osati mkaka." Ndinati eya, ng'ombe ya germanium itha kukwera olo basi ya ku Maputo osadandaula, masiku awiri a panjira siitaya olo gawo limodzi pa 100, chofunika ndi chilolezo, kamera ya PET ndi munthu wodziwa kukama. Azakhali anali m'dimba nthawi imeneyo akuthirira anyezi. PET sanajambulidwe, amapita ku kontrole miyezi itatu iliyonse, adotolo amawapima ndi manja ndi ekografiya, ulendo wotsatira ndi mwezi wa mawa ndipo tayamba kale kusonkha ya chapa.